Mapiritsi Otsala a Edna

Lachiwiri, 25 Febuluwale 2025

Ndabwerako. Masiku awiri m'basi, miyendo yotupa. Takisi kuchokera mu Joni mpaka ku Springs, ina mpaka kuno KwaThema. Chipinda chili mmene tinachisiyira. Masilipasi ake pakhomo.

Tamuika Edna kwawo ku Ntcheu Lachinayi lapitali. Mvula inadikira mpaka titamaliza. Mwana wathu Faith sanalire kumanda. Wadzalirira pa depoti pondiperekeza. Ali Fomu 3. Watsala ndi agogo ake, amalize sukulu.

Kufakitale andisungira malo anga a pageti. Sindimayembekezera. A gulu lathu la maliro anasenza ulendo wonse wa mtembo, a ku tchalitchi ndi a ku mzikiti omwe, osandifunsa kalikonse. Zikomo. Mawuwa ndikawalemba akuoneka aang'ono.

Lachinayi, 27 Febuluwale

Ndatchaja foni ya Edna. Ndimafuna zithunzi basi.

Ndapezamo maphunziro aja ankawanena. A zaumoyo, a anthu osamalira odwala m'makomo. Aulere. Ankati watopa ndi kukolopa nyumba za ku Benoni, akufuna ntchito yosamalira okalamba. Ine ndinkangoti eya, maso ali m'buku langa. Zaka khumi ndi ziwiri za uphunzitsi kumudzi, koma wophunzira wa m'nyumba mwanga momwe sindinamufunse ngakhale tsiku limodzi kuti wafika pati.

Anafika pa phunziro lachinayi. Kusambitsa wodwala amene sangadzuke. Funso lomaliza limene anayankha analakwa, ndipo makinawo anamulembera mwaulemu kuti ayesenso.

Ndayesanso ine. Ndakhoza. Kenako ndakhala pabedi nthawi yaitali.

Loweruka, 1 Malichi

Lero kugawa katundu. Zovala zabwino ndinapita nazo kumudzi, achibale anagawana kale. Zotsala kuno ndi za anzake. Mayi Maggie, wapampando wa amayi a ku tchalitchi kwathu, ndiye amatsogolera. Anayala zonse pamphasa panja: mapoto, ambulera, juzi zitatu, ketulo yamagetsi, nsapato za kuntchito. Aliyense polandira amagwada pang'ono, ngati mwini wake ali pompo.

Panabweranso Saumu, mkazi wa a Hussaini, a ku Mangochi. Amagulitsa magwinya, mandasi a kuno, ndi zipatso pa renki ya matakisi ku Springs. Iye ndi Edna ankadikirira limodzi takisi ya m'mawa zaka zisanu ndi chimodzi. Ndiye ankabwera kudzachapa pamene Edna impso zinakanika. Sanafune kutenga kanthu. Mayi Maggie anachita kumukakamiza mpango wobiriwira.

Pomaliza Saumu anaona kajumbo ka mankhwala pawindo. Mapiritsi a shuga, a miyezi iwiri, osatsegula. Madokotala anamusiyitsa atamugoneka. Saumu anati chapansipansi: “Alamu, inetu ndili ndi matenda omwewo. Ludzu, kutopa. Mayi anga anapita nawo omwewo.” Kukiliniki amaopa. Mapepala ake anatha, ndipo masiku ena pageti pamaima anthu ofunsa ziphaso.

Ndamupatsa ndi manja awiri. Kwathu mankhwala sititaya. Ndinamva bwino mumtima, kuti ngakhale zimenezi za Edna zithandiza munthu.

Chipinda chakula.

Lachitatu, 5 Malichi

Ntchito. Kutsegula geti, kutseka geti, kulemba nambala za malole. Pakati pake maola opanda kanthu. Kale ndinkawadzaza ndi mabuku a patebulo la zinthu zakale: mbiri ya migodi, kawetedwe ka njuchi, buku la mapu lopanda chikuto. Panopa maso akukana nkhani zazitali. Koma maphunziro a Edna akulowa. Afupiafupi, ndi zithunzi, ndi mafunso kumapeto.

Phunziro lachisanu ndi lachisanu ndi chimodzi ndamaliza. Zilonda za pabedi. Kuyeza kuthamanga kwa magazi.

Dzulo poweruka ndinadzera ku laibulale, kuli intaneti yaulere. Mtsikana wa pa desiki anandithandiza kutsitsa maphunziro onse kuti ndiziwerenga popanda data. Amanditcha Baba. Anandionetsa kachizindikiro kali pansi pa tsamba lililonse. Akuti tanthauzo lake ndi lakuti aliyense akhoza kukopera, kusindikiza, kumasulira m'chinenero chake, ngakhale kusintha zitsanzo, bola atchule amene analemba. Ndinamufunsa kawiri. Ine amene ndinkaphunzitsa ana makumi asanu ndi atatu ndi buku limodzi, lotsekeredwa m'kabati ya ahedi!

Anamwino ndi aphunzitsi a kumayiko angapo anakhala pansi, analemba, kenako anasiya chitseko chotsegula. Sindidzawaona. Ndawathokoza m'takisi, chamumtima.

Anzathu Asilamu ayamba kufunga, kusala kudya kwawo kuja, Lamlungu lapitali. Saumu akukazinga magwinya tsiku lonse osalawa. Wandipatsa awiri, wakana ndalama.

Lamlungu, 9 Malichi

Phunziro lachisanu ndi chiwiri. Matenda a shuga.

Ndimaliopa. Ndinaganiza kuti lindionetsa zimene tinalakwitsa pa Edna. Ayi. Landionetsa zimene ndalakwitsa ine sabata yathayi.

Pali mitundu ya mapiritsi. Ina imatsitsa shuga kaya munthu wadya kaya sanadye. Dzina la pa kajumbo kaja ndimalidziwa pamtima, ndinkakatenga ndine. Lili pamndandanda womwewo. Munthu akamwa n'kukhala ndi njala, shuga amatsika kupitirira. Thukuta lozizira, kunjenjemera, kulankhula ngati woledzera, kukomoka. Akhoza osadzukanso. Ndipo m'bokosi lofiira: musapatse munthu mankhwala a munthu wina, ngakhale zizindikiro zifanane.

Edna sankamwa asanadye. Ngakhale tichedwe bwanji, kaye buledi. Ine ndinkayesa ndi khalidwe lake chabe.

Saumu sanayezetsepo. Akufunga kuyambira mbandakucha mpaka dzuwa kulowa. Lero ndi tsiku lachisanu ndi chitatu.

Ndaimba foni kanayi, yozima. Kutchalitchi sindinamve ulaliki.

Lolemba, 10 Malichi

Ndapita pa renki poweruka. Saumu anali bwino, akuseka ndi makasitomala. A Hussaini analipo, akumuthandiza kulongedza. Iwo amasoka nsapato pakona pomwepo. Munthu wamtali, wanthabwala, amanditcha Aphunzitsi.

Ndinayamba bwino, ndinamaliza moipa. Mmalo mofotokoza kaye, ndinangoti ndabwera kudzatenga mapiritsi aja.

Nkhope ya Saumu inagwa ngati ndamumenya. A Hussaini anasiya kuseka. “Aphunzitsi, cha malemu chimabwerera? Mpangonso tibweze?” Ndinayesa kunena za phunziro lija, ndinatulutsa foni. Chizungu chokhachokha, zilembo zazing'ono, dzuwa likuwala pagalasi. Iwo anati: “Foni yakhala dokotala tsopano. Mkazi wanga akupeza bwino, inu mukuti afa.”

 Saumu anangondikulungira magwinya monga mwa masiku onse. Zimenezo ndiye zinandipweteka kwambiri.

Ndadzera kwa Mayi Maggie. Andidzudzula ndisanakhale n'komwe. Nkhani inawapeza kale. Akuti chinthu chogawidwa pamphasa ya maliro ukachiitanitsa, ndiye kuti ukunena kuti malemu akumukana munthuyo. Ndipo poti iwo ndi Asilamu, ife Akhristu, anthu amva zina. “Bambo a Faith, mwawerenga mabuku onsewa, koma izi zokha simukuzidziwa?”

Ndimazidziwa. Mantha anandithamangitsa.

Ndinawafotokozera bwinobwino. Kenako anati: “Nanga bwanji simunanene choncho, m'Chichewa, ngati mmene mwandiuzira inemu?”

Lachitatu, 12 Malichi

Masiku awiri ndikumasulira, pageti, pakati pa malole. Tsamba limodzi ndi theka. Ntchito yovuta kuposa mmene ndimaganizira. Mawu awo a shuga wotsika alibe mnzake kwathu. Ife timangoti shuga, ngati amangokwera basi. Ndalemba kuti shuga wathawa m'magazi. Pamene iwo alemba za maswiti a ku famase, ine ndaika masupuni atatu a shuga m'kapu ya madzi, kapena theka la kapu ya chakumwa chotsekemera. Munthu akakomoka osamumwetsa kanthu, angatsamwe. Kumugoneka cham'mbali, kuitana ambulansi. Akatsitsimuka adye, ndipo apitebe kuchipatala, chifukwa mapiritsiwo amakhalitsa m'thupi. Ndawonjezera za kufunga, ndi za kusala kwa ife a mapemphero a kuphiri, kuti pasaoneke ngati ndikuloza mbali imodzi.

Ambiri pa gulu lathu la pa foni sawerenga zazitali. Ndajambula mawu. Kasanu. Koyamba ndimamveka ngati ndikulengeza maliro, kachitatu lole inaliza hutala. Kumapeto ndatchula amene analemba, monga kachizindikiro kaja kapempha, ndi kuti womasulira ndine Kenneth Gwaza, mlonda, si dokotala. Sindinatchule dzina la Saumu. Ndatchula langa: kuti ine ndinapatsa munthu mankhwala a mkazi wanga, ndipo ndinalakwa.

Mphindi zinayi. Ndatumiza nthawi ya nkhomaliro.

Mayankho: tizithunzi tisanu ndi tiwiri ta manja opemphera. Wina wafunsa ngati ndayamba kugulitsa mankhwala. Wina akuti mawu anga ndi a pa wailesi. A Hussaini amvera, foni ikuonetsa. Sanayankhe.

Lachisanu, 14 Malichi

Chete.

Ndadutsa pa renki chapatali, ngati wakuba. Saumu ali pa malo ake, mpango wobiriwira kumutu. Anakhala pa kreti, chinthu chimene sachita.

Mwezi wakwana chimwalirire Edna. Faith waimba. Akuti wakhoza bwino sayansi. Ndamuuza za maphunziro a mayi ake, akuti ndimutumizire. Ndi zololedwa, ndamuuza, n'zololedwa kwa aliyense. Waseka: “Adadi, mukulankhula ngati mwatola chikwama.”

Lamlungu, 16 Malichi

Dzulo sindikanatha kulemba. Ndilembe mwadongosolo.

Loweruka timaweruka wani koloko. Ndinali ku laibulale. Cha m'ma fili foni inalira, a Hussaini. Sanapereke moni. “Aphunzitsi, thukuta lija. Bwerani.”

Kuchokera ku laibulale kufika pa renki ndi misewu inayi. Sindikumbuka kuti ndinawoloka bwanji.

Saumu anali pansi, atatsamira chipupa, zipatso zitamwazika. Nkhope yonyowa ngati wathiridwa madzi, manja akugwedezeka. Amalankhula, koma zosagwirizana, amaitana mayi ake. Anthu atazungulira. Woitanira matakisi wina amaseka, akuti amayiwa alawa zowawa masana ano. Mayi wina wogulitsa naye pafupi amamupepesera ndi katoni, wina amafuna kumuthira madzi kumutu.

A Hussaini anali atagula kale botolo la chakumwa, atatsegula, lili m'manja. Anamvera mawu aja, katatu konse, anandiuza pambuyo pake. Amadziwa chochita. Chimene chinawakanika ndi mkazi wawo. Saumu anali atakukuta mano, akukankha botolo. M'kusokonezeka konseko chinthu chimodzi anachigwiritsa: dzuwa silinalowe. Patsala maola atatu.

Ndinagwada. Ndinamuuza kuti ndine mlamu wake, kuti amwe pang'ono chabe. Anandiyang'ana ngati sakundidziwa. Mawu anga analibe ntchito pamenepo. Ine si wa chipembedzo chake, ndipo ndine uja ndinadzaitanitsa cha malemu.

Ndinauza a Hussaini kuti akatseka maso sitingathenso kumumwetsa, zikhala za ambulansi, ndipo ambulansi pa renki Loweruka ibwera mwina dzuwa litalowadi. Ndinati ine za chipembedzo chanu sindidziwa, mudziwa ndinu.

Anakhala pansi, pafumbi, munthu wamtali uja. Anamugwira mutu. Analankhula naye m'Chiyao, motsitsa, ndinangotolapo pang'ono. Kenako m'Chichewa, mwina kuti nanenso ndimve: “Wodwala saumirizidwa, Saumu. Mulungu analola yekha. Tsikuli udzabweza, ndidzafunga nawe limodzi.” Saumu anangowayang'anabe. Ndiye a Hussaini anakweza botolo, anamwa iwo, pamaso pa renki yonse. “Taona, langa lapita kale. Tibweza awiri.”

Saumu anamwa. Pang'ono, kenako kwambiri.

Phunziro limati dikirani mphindi khumi ndi zisanu. Ndinayang'ana wotchi ngati nthawi ya mayeso. Pa mphindi ya khumi anafunsa kuti mapeyala ake watola ndani. Woitanira uja anasiya kuseka, anatolera zipatso zonse yekha, n'kutipezera takisi yopanda anthu. Saumu anadya magwinya ake omwe m'njira.

Anaulula m'takisimo. Masiku onsewa masana amamva kufooka ndi kunjenjemera, ndiye ankayesa kuti shuga wakwera, matenda akukula. Dzulo anadzuka mochedwa, chakudya cha mbandakucha chija amati daku chinamudutsa, anangomwa tiyi. Ndi mapiritsi awiri mmalo mwa limodzi, kuti alimbe.

Pachipatala pageti panalibe wofunsa ziphaso. Sisita wake anali wachikulire, wolankhula Chizulu chothamanga. Nditamuonetsa dzina la mankhwala anandiyang'ana pamwamba pa magalasi, anandikalipira bwino lomwe. Ndinavomera zonse. Kenako anafunsa kuti anatiuza ndani zomumwetsa chotsekemera. Saumu anamugoneka kuti amuone mpaka m'mawa.

Potuluka a Hussaini anandigwira dzanja osalisiya mpaka pa msewu.  Pokwera takisi ndiye anati: “Koma mawu anu aja, Aphunzitsi, mumachedwa kufika pa mfundo.”

Ndaseka koyamba chichokereni ku Ntcheu.

Lachitatu, 19 Malichi

Zotsatira zatuluka. Saumu alibe shuga. Alibiretu. Magazi ndi ochepa m'thupi, ndiwo amamufooketsa; ludzu ndi la kuima pa moto tsiku lonse. Amupatsa mapiritsi ake, a dzina lake, ndi khadi la kukiliniki. Masiku khumi ndi anayi akumwa mankhwala a matenda amene alibe, ochokera m'manja mwanga.

Ndikaganiza za Lachisanu lija anakhala pa kreti, ine ndikudutsa chapatali.

Sindikudziwa kuti ndithokoze ndani poyamba. Mulungu. Sisita wokalipa uja. Mtsikana wa ku laibulale. Mayi Maggie ndi pakamwa pawo. Anthu osawadziwa amene anaika bokosi lofiira pa tsamba lija, ndi kulola kuti mlonda wa pageti alitembenuzire m'chinenero cha kwawo osapempha chilolezo kwa wina aliyense. Akanati n'zogulitsa, kapena n'zosakhudza, bwenzi lero tikusonkhanso za ulendo wa ku Mangochi.

Shehe wa ku mzikiti wa a Hussaini wapempha mawu aja kuti awatumize ku magulu a ku Benoni ndi ku Nigel. Akufunanso a m'Chiyao. A Hussaini akuti ajambula okha, mwachidule, “osati ngati ulaliki wa Aphunzitsi.”

Phunziro lachisanu ndi chitatu ndi la kusunga ndi kutaya mankhwala. Otsala amabwezedwa ku famase ya kukiliniki, osati m'chimbudzi, osati m'bini. Koma kajumbo kaja kakadali kwa Saumu, ndipo ine sindikaitanitsanso. Ndaphunzira.

Loweruka, 22 Malichi

Abwera okha m'mawa uno, Saumu ndi a Hussaini, ndi Mayi Maggie ngati mboni. Ndinalibe mipando yokwanira. A Hussaini anakhala pa chidebe.

Saumu anatulutsa mapiritsi m'kapepala ka nyuzi, anawaika patebulo. Kajumbo kake, kaja kali ndi chizindikiro cha chipatala ndi dzina la Edna, anakapinda bwinobwino n'kukabwezera m'chikwama chake. Anati: “Alamu, chimene anandipatsa mnzanga ndasunga. Izi ndi za boma, zibwerere kwa eni ake.” Mayi Maggie anagwedeza mutu kuti zatheka, mwambo sunathyoke. Anakambirana kale kumbali, ndikuganiza. Akazi awa.

Tinapemphera, aliyense mwa njira yake. Tiyi sindinapange, poti awiriwo akufunga; sisita anamuuza Saumu kuti adikire kaye, koma iye akuti ayesa masiku amene thupi lilola, ndipo likakana amwa madzi osadikira kuti renki yonse idzamuonerere.

Atapita ndinapita kukiliniki. Pawindo la famase mtsikana anafunsa kuti mankhwalawa ndi a ndani. Ndinati a mkazi wanga, anamwalira mwezi watha. Koyamba kunena chiganizo chimenechi mpaka kumapeto, mawu osaduka. Anati pepani Baba, anawalandira, anaitana wotsatira. Basi. Ndinaima panja kanthawi, manja opanda kanthu.

Pobwerera ndatsegula foni m'takisi. Mauthenga asanu ndi anayi, ena manambala osawadziwa. Bambo wina wa ku Nigel akumwa mapiritsi a magazi a malemu mkulu wake chiyambire Khirisimasi, akufunsa ngati asiye lero kapena amalize kaye. Mayi wina ali ndi a mwana wa abwana ake. Wina akungoti, “Ndinu adokotala aja?”

Ayi, si ine. Ndiwayankha mmodzimmodzi kuti apite akayezetse, atenge ndi mapiritsiwo akawaonetse. Wa ku Nigel akuopa kupita yekha. Lolemba ndili pa ntchito, koma Lachiwiri ndikhoza kupempha theka la tsiku. Ndifunse kaye takisi ya ku Nigel imakwerera pati.